Maganizo a Mkonzi: Ndalama ya ulendo wa ku Mozambique

Kwa Mbenje m'boma la Nsanje, mtsikana wofuna kuchotsa mimba ali pakati pa malamulo awiri. Kuno kwathu lamulo limalola pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe. Kupanda apo mayiyo akhoza kukaseweza zaka 7, womuthandiza zaka 14. Ku Mozambique, kungodutsa pa Marka, analoleza mu 2014 kuchotsa mimba yosapitirira masabata 12.

Ndiye amene amawoloka ndi wa ndalama. Pafunika ya kabaza kukafika pamsewu, ya minibasi, ya chakudya ndi pogona, mwinanso ya womasulira Chipwitikizi. Wopanda amathera kuseri kwa nyumba ndi mtengo wa chinangwa kapena zitsamba zowawa, kenako amafika kuchipatala magazi ali chuchuchu. Kumeneko boma lomwe limaletsa kuchotsa mimba lija limamuchiza ndi misonkho yathu.

Kunja alipo mabungwe olipirira maulendo otere. Abortion Support Network inayamba ku London mu 2009 kuthandiza amayi a ku Ireland, lero imathandizanso a ku Poland ndi Malta. Ndi chifundo ndithu, koma ife sitingakondwere kuti thanzi la mwana wa kwa Mbenje lidalire thumba la wakufuna kwabwino.

Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno. Mu Marichi 2021 aphungu anakana ngakhale kukambirana bilu yokhudza kuchotsa mimba yomwe phungu mnzawo a Matthews Ngwale anabweretsa. Atsogoleri a mipingo otsutsa biluyi ali ndi mfundo zawo, ndipo ayenera kumvedwa. Koma aphungu aibwezere biluyo m'Nyumba ya Malamulo, aitsutse kapena aivomere poyera.