ZA PA KHOMO PATHU: Nkhuku ya mazira ndi nyama yomwe

Mwezi uno tilowe m'khola. Kuno ku Shimabala, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue, ambiri a ife tili ndi malo ochepa, osakwana ng'ombe koma okwana nkhuku. Nanga tiwete nkhuku zanji kuti banja lipindule chaka ndi chaka?

Mabroila amakhwima pa masabata 6, koma amadya chakudya chogula chokhachokha, ndipo tikagulitsa tiyenera kukagulanso anapiye. Nkhuku ya kumudzi ndi yopirira, koma kawirikawiri siipitirira mazira 60 pa chaka. Pakati pa ziwirizi pali mitundu yakale imene inapangidwa kuti ipatse mlimi mazira ndi nyama yomwe.

Wodziwika kwambiri ndi Black Australorp, nkhuku yakuda bii yochokera ku Australia. Abale athu a ku Malawi amaitcha nkhuku ya Mikolongwe, potengera malo a boma a m'boma la Chiradzulu kumene akhala akuichulukitsa. Ikamadya bwino imayamba kuikira pa miyezi 5 kapena 6, ndipo imatha kupitirira mazira 200 pa chaka. Palinso Rhode Island Red, yofiira, ya ku America, ndi Potchefstroom Koekoek, yamawangamawanga, ya ku South Africa.

Ubwino waukulu wa mitundu imeneyi ndi wakuti mwana amatengera make. Tambala ndi thadzi a mtundu umodzi amabereka anapiye a mtundu womwewo, motero mbewu imakhala m'manja mwa mlimi. Nkhuku za masiku ano monga Sasso ndi Kuroiler zimakula msanga, koma ndi zosakaniza mitundu, ndipo ana ake sabereka mofanana ndi makolo.

Komabe paja akulu anati walira mvula walira matope. Nkhuku yoikira kwambiri siingakhute ndi zotola pa dzala zokha. Thadzi lililonse limafuna chakudya cha magalamu pafupifupi 120 pa tsiku: gaga wosakaniza ndi soya wokazinga, mpendadzuwa kapena zinyenyeswa za kapenta, masamba, ndi madzi oyera osasowa. Chitopa sichisankha mtundu, chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa. Tizipereka katemera miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ndipo alangizi a ziweto atiuza za katemera woyenera.

Pa za kuswetsa, nkhuku ya kumudzi tisaitaye, pakuti pofungatira ilibe inzake. Tiiikire mazira 10 kapena 12 a mtundu wabwinowo, ndipo pakatha masiku 21 idzaswa ndi kulera anapiye ngati akeake. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10, koma asamakwere ana ake omwe, chifukwa mtundu umafooka. Apa ndi pamene Mphakati ungathandize: mabanja angapo atagwirizana kusinthana atambala chaka chilichonse, ndi kugula pamodzi botolo la katemera, palibe amene angataye mbewu yake.

Potsiriza, makolo anzathu, tisatengere mazira onse ku msika. Dzira loyamba la tsiku likhale la mwana wa m'nyumba, lachiwiri ndilo likasake sopo ndi makope a kusukulu.