Mpando Ndiwo Ukufooketsa Opuma Ntchito

Kalaliki wa m'Boma kapena mphunzitsi akapuma ntchito, ana ake amamuikira mpando pakhonde nati, "Bambo, mwavutika kokwana, tsopano khalani." Ife tiyesa kuti ulemu wotere ndiwo ukufooketsa akuluakulu athu. Munthu amene wakhala pa desiki zaka 30 sasowanso mpando wina. Minofu yosagwira ntchito imafota, mawondo amauma, ndipo nkhalamba ikaterereka pabafa, fupa la m'chiuno limathyoka msanga nilichedwa kulumikizika.

M'chaka cha 2020 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti munthu wa zaka 65 kapena kuposerapo aziyenda ndawala, kupalasa njinga, kaya kuchita zina zotulutsa thukuta, mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu. Mphindi 30 pa tsiku, masiku 5, zikwana. Linatchulanso masewera olimbitsa minofu kawiri pa mlungu, ndi ozoloweretsa thupi kuima osadzandira katatu. Zimenezi zimathandiza kupewa kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga. Bawo timalikonda tonse, koma limalimbitsa mutu wokha.

Ena adzati nthawi inawapita. Fauja Singh, Mmwenye amene ankakhala ku London, anayamba mipikisano yothamanga ali ndi zaka 89, ndipo m'chaka cha 2011 anatsiriza makilomita 42 ku Toronto ali ndi zaka 100. Sitikunena kuti aphunzitsi athu amtsate, iyayi. Wodwala mtima ayambe waonana ndi dokotala. Koma amene ali bwino aleke kutuma mdzukulu kumsika, apite yekha wapansi, naleke kabaza.