Kusamukira ku Chongwe: Malo Alipo, Nanga Nthawi ndi Madzi?

M'zaka zaposachedwapa anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi a mu Lusaka akhala akusamukira m'boma la Chongwe, lomwe likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa mzindawu, ndipo nyumba zatsopano zikumangidwa m'madera monga Silverest ndi kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ambiri amati atopa ndi lendi, komabe chimene chikuwakoka kwenikweni ndi malo okwanira kuchitirapo zimene mtima wawo umakonda akaweruka kuntchito, monga kulima kadimba ka repu ndi tomato, kuweta nkhuku zakumudzi, kapena kubzala mitengo ya mango ndi mapeyala, zinthu zosatheka kwa munthu wokhala m'nyumba ya eni ake ku Kabwata kapena ku Chilenje.

Chilakolako chimenechi n'chabwino, koma osamukawo kawirikawiri amawerengera ndalama zimene adzapulumutse n'kuiwala kuwerengera maola amene adzataye. Munthu amene ntchito yake yatsala m'tauni amadalira msewu wa Great East, umene umadzaza ndi magalimoto m'mawa ndi madzulo makamaka pofika ku Chelston ndi ku Munali, kotero kuti amanyamuka kusanache ndipo amabwerera kutada. Zotsatira zake n'zakuti mbande amaziyendera ndi tochi ya pafoni, nkhuku amaziwerenga zitalowa kale m'khola, ndipo pakapita miyezi yochepa amalemba wantchito woti azisamalira dimba lomwe ankafuna kumalima yekha. Apa chinthu chimene chinayenera kumupumulitsa chimasanduka bilu ina ya pamwezi.

Nkhani yachiwiri ndi ya madzi. Tauni ya Chongwe imadalira damu la pamtsinje wa Chongwe, limene lakhala likuphwa m'zaka za mvula yochepa, pamene okhala m'maploti atsopano amakumbitsa zitsime zakuya zofuna pampu yamagetsi. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 February 2024 chinaonetsa kuti madzi ndi magetsi zimayendera limodzi, pakuti madzi atachepa m'nyanja ya Kariba magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo amene analibe pampu yoyendera dzuwa anaona mbewu zawo zikufota chitsime chili pomwepo.

Palinso nkhani ya umwini wa malo. Gawo lalikulu la bomali ndi malo a makolo, kutanthauza malo osamalidwa ndi mafumu m'malo mwa anthu awo, ndipo kuno ndi kwa Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere asinthidwe n'kukhala ndi chikalata cha boma cha zaka zofika 99, koma pokhapokha mfumu ndi khonsolo zitavomereza, choncho kalata ya nyakwawa payokha si chikalata cha umwini. Wobwera ayeneranso kudziwa kuti akudzakhala pakati pa anthu okhala ndi miyambo yawo, monga wa Chakwela Makumbi wopempha mvula nyengo yobzala isanafike, ndiponso kuti pamaliro ndi pamisonkhano ya m'mudzi amayembekezeredwa kuonekera.

Amene kusamukaku kumawakomera ndi aja safunika kupita m'tauni tsiku lililonse: aphunzitsi a pa Chalimbana University, anamwino, ogwira ntchito pabwalo la ndege, opuma pantchito, ndi ena amene amagwira masiku angapo ali kunyumba kudzera pa intaneti. Akale anati walira mvula walira matope. Munthu asanalipire ploti, ndi bwino ayambe wayenda ulendo wa m'mawa wopita kuntchito kuchokera pamalopo, afunse anansi ngati zitsime zawo zimakhala ndi madzi mu October, ndipo akaonetsetse kukhonsolo kuti wogulitsayo ali ndi mphamvu zogulitsa malowo.