Nkhwazi ya pa Mbendera Imalira ku Nyanja

Mwana aliyense wa kuno ku Chilenje, amene amadutsa pa nyumba ya nambala 394 momwe a Kenneth Kaunda ankakhala ufulu usanadze, amaidziwa nkhwazi ya pa mbendera yathu. Koma mutamufunsa ngati adaimvapo ikulira, kapena kuiona ikutsika pamadzi kudzatola nsomba, adzangoti kakasi. Ichi n'chamanyazi kwa ife makolo, pakuti nyama zimene Namalenga adatisungitsa, zimene ena mwa ife timatchedwa nazo maina monga a Njovu ndi a Ngoma, tazisiyira alendo a kutsidya kwa nyanja, ngati kuti ndi iwo okha adapatsidwa maso.

Komatu madziwo sali kutali. Wonyamuka mu Lusaka m'mamawa amadyera nsima ya masana ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, imene idabadwa pamene anthu adatseka mtsinje wa Zambezi ndi damu lomwe lidatha kumangidwa mu 1959. Kumeneko kholo lingafotokozere ana ake, mvuu zikufwenthera chapatali, momwe Atonga oposa 50,000 adasamutsidwira m'midzi ya makolo awo, ndi momwe nyama pafupifupi 6,000 zidapulumutsidwira pa zilumba madzi akukwera, pa ntchito imene adaitcha dzina la Nowa. Wolimba mtima apite ku nyanja ya Itezhi-Tezhi, m'malire a nkhalango ya Kafue, kumene m'chilimwe njovu ndi njati zimatsikira kudzamwa dzuwa likapendeka. Ndipo mwana wozolowera phokoso la maminibasi adzaphunzira komweko kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Adzatero ena kuti ufa wakwera mtengo, ndi kuti wa njala sacheza ndi mvuu. Sindikuwatsutsa ayi. Koma mwini dziko amalipira zochepa pa chipata cha nkhalango kuposa mlendo, ndipo ife amene timadziwa kusonkha chilimba cha ukwati kapena cha mipando ya m'nyumba, tingalepherenji kusonkha cha ulendo, mabanja atatu n'kubwereka galimoto imodzi, kamba ataphikira kunyumba? Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ana amene lero akusewera mpira m'fumbi la Chilenje ndiwo mawa adzaweruze ngati nkhalango zikhale kapena zisanduke makala. Ndipo munthu sachinjiriza chimene sadachionepo. Tiwatengere ku nyanja, tsono, akaimve nkhwaziyo ndi makutu awo.