Tengerani Maonekedwe a Agogo, Musatengere Ngozi Zawo

Pa ntchito yanga yoyendera zaumoyo ndidazolowera kuyang'ana chinthu kawiri: koyamba mmene chikuonekera, kachiwiri zimene chingachite pa thupi la munthu. Lero ndifuna tiyang'ane motero mchitidwe umene wafala pakati pa achinyamata okwera njinga zamoto ku Britain ndi kumaiko ena, wokonza njinga kuti izioneka ngati ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960.

Mchitidwewu uli ndi gwero lake. Mu mzinda wa London muli malo odyera otchedwa Ace Cafe, amene adatsegulidwa mu 1938 m'mbali mwa msewu wa North Circular. Nkhondo yachiwiri itatha, anyamata ankasonkhana pamenepo usiku ndi njinga zawo za Triumph, Norton ndi BSA. Ankachotsa chilichonse cholemera, kutsitsa zogwirira kuti munthu azichita kugonera thanki, ndi kusiya mpando wa munthu mmodzi. Ena ankaika injini ya Triumph mu felemu ya Norton, njingayo n'kuitcha Triton. Cholinga chawo chidali kufika liwiro la mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Njinga zoterezi ndi zimene zimatchedwa café racer. Malowo adatsekedwa mu 1969 ndipo adatsegulidwanso kotheratu mu 2001.

Tsopano adzukulu a anyamata aja ndiwo atola mwambowu. Amagula Honda kapena BMW yakale, kuiphwasula, kuidula ndi kuipenta mwatsopano. Makampani nawo adaona msika: Triumph idatulutsa Thruxton mu 2004, ndipo Royal Enfield idatulutsa Continental GT 650 mu 2018.

Ine sindidana nazo zimenezi ayi. Mnyamata amene amathera masana ake akumasula injini akuphunzira luso la manja, kuleza mtima ndi kusamala zinthu zakale m'malo mozitaya. Ndiponso okwera njinga zachikalewa achitapo zabwino. Mu 2012 a Mark Hawwa adayambitsa ku Sydney ulendo wapachaka wotchedwa Distinguished Gentleman's Ride, umene umasonkhetsa ndalama zolimbana ndi khansa ya prostate ndi zothandiza amuna ovutika maganizo. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nkhawa yanga ndi yakuti pamodzi ndi maonekedwe akale, ena akubweretsanso ngozi zakale zimene anthu adazithetsa atataya miyoyo yambiri.

Choyamba ndi chipewa choteteza mutu. Mu 1935 msilikali wotchuka T. E. Lawrence adagwa pa njinga yake ya Brough Superior ku Dorset pozemba anyamata awiri apanjinga zakapalasa. Adalibe chipewa, ndipo adamwalira patapita masiku 6. Mmodzi mwa madokotala amene adamuona, a Hugh Cairns, adayamba kufufuza za kuvulala mutu, ndipo mu 1941 asilikali a Britain okwera njinga zamoto adalamulidwa kuvala zipewa. Lamulo la anthu onse lidabwera mu 1973. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2008 adapeza kuti chipewa chimachepetsa imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala mutu ndi 69 peresenti. Nanga n'chifukwa ninji mnyamata wa lero asankhe kachipewa kokhala ngati mbale, kapena kosiya nkhope pamtunda, poti kokha kakugwirizana ndi jekete lake lachikopa? Munthu akagwa chafufumimba, chibwano ndi nsagwada ndizo zimayamba kugunda pansi. Chipewa chakale chogula pa kaunjika n'choipiratu, pakuti chimene chimalandira nkhonya ya msewu ndi thovu louma la m'kati mwake, ndipo thovulo likaphwanyika kamodzi silibwereranso, ngakhale kunja kuoneke kosalala.

Chachiwiri ndi zimene zimachotsedwa pa njinga. Madigadi amaletsa madzi ndi matope kuthovukira m'maso. Magalasi amaonetsa galimoto yobwera kumbuyo. Nyali zikuluzikulu zimachititsa kuti oyendetsa ena akuoneni. Zonsezi ena amazichotsa kapena kuzichepetsa kuti njinga ioneke yopepuka. Mabuleki akale nawo sagwira ngati amakono. Maiko a European Union adalamula kuti kuyambira mu 2017 njinga yatsopano iliyonse yoposa 125cc ikhale ndi mabuleki a ABS, amene amaletsa tayala kuuma ndi kutsetsereka munthu akaponda mwadzidzidzi. Njinga ya mu 1975 ilibe zimenezo, ndiye wokwerapo ayenera kusiya mpata waukulu pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo.

Chachitatu ndi phokoso, ndipo ili ndi gawo limene ife a zaumoyo timalidziwa bwino kuchokera m'mafakitale. Khutu limapirira phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3, nthawiyo imatsika ndi theka, kotero kuti pa madesibelo 100 malire ake ndi mphindi 15 zokha. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mphepo yokha imaposa madesibelo 90 m'makutu a wokwera. Onjezanipo paipi ya utsi yodula, yopanda chochepetsa phokoso. Timaselo takumva ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kugontha kotere sikupweteka, kumabwera pang'onopang'ono, ndipo munthu amadzazindikira ali ndi zaka 40 kuti mawu a ana ake sakuwamva bwino.

Ena adzati, "Mutu ndi wanga, njinga ndi yanga." Inde, koma amene amagona pansi m'chipatala podikirira wodwala ndi mayi ake kapena mkazi wake. Tikumbukirenso kuti nyengo imene achinyamatawa akuisirira idali ya maliro. Mu 1966 anthu 7,985 adafa pa misewu ya ku Britain, pamene masiku ano chiwerengerocho sichifika 2,000 pa chaka. Ngakhale zili choncho, mwa anthu 5 alionse ofa pa misewu ya dzikolo, pafupifupi mmodzi amakhala wapanjinga yamoto.

Tsono malangizo anga ndi awa. Pentani thanki mmene mufunira, sokani mpando wachikale, valani jekete la agogo anu. Koma gulani chipewa chatsopano chophimba chibwano, chokhala ndi chizindikiro chakuti chidayesedwa, ndipo muzimanga lamba wake nthawi zonse. Ikani matayala atsopano, mabuleki aonedwe ndi makaniko wodziwa, nyali ndi magalasi zikhalepo. Paipi ya utsi musaidule, ndipo pa ulendo wautali tsekani makutu ndi zotsekera zake. Mawu a chipewawa akhudzanso anzathu akabaza kuno kwathu pamodzi ndi amene amawanyamula, pakuti chigaza cha munthu n'chimodzimodzi kulikonse.

Njinga ya zaka 50 ingathe kumasulidwa ndi kumangidwanso kangapo. Ubongo ndi makutu zilibe sipeya m'sitolo iliyonse. Kupewa kumaposa kuchiza.