NYIMBO ZA ACHINYAMATA, GAWO LACHITATU: KOPE LOLANDIDWA

Sabata yatha tidaona m'mene nyimbo za hip-hop zidabadwira ku Bronx, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1973, pakati pa ana a anthu osauka amene adalibe kokatula madandaulo awo. Lero tibwerere kwathu kuno ku Phalombe, pakuti mkangano umene tinkauchezera usiku ku Chancellor College tili ophunzira, tsopano walowa m'chipinda cha aphunzitsi pa sukulu zathu za sekondale.

Mwezi watha mphunzitsi mnzanga adalanda kope la mnyamata wa Fomu 3 atampeza akulemba mizere ya nyimbo phunziro lili mkati. Adabwera nalo kwa ife nati, "Taonani uchitsiru umene ukulepheretsa ana mayeso." Ine nditaliwerenga ndidasowa chonena. Mnyamatayo ankalongosola usiku wina wa mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri nakokolola nyumba yawo pamodzi ndi munda wa nandolo. Mwana ameneyu sadalembepo chimangirizo chopitirira theka la tsamba, koma apa adadzaza masamba asanu.

Odana nazo nyimbozi ali ndi mfundo, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Zilipo zotukwana, zotamanda chamba ndiponso zonyoza amayi. Tonse tikukumbukira kuti mu 2018 woyimba Mwiza Chavura adamangidwa chifukwa cha nyimbo imene inkatamanda mchitidwe wogwirira akazi. Aliponso anyamata amene amataya sukulu poganiza kuti nyimbo imodzi idzawalemeretsa. Zotere nzoipa, ndipo mphunzitsi wozilekerera walephera ntchito yake.

Komabe kunena kuti kuyankhula zakukhosi pa ng'oma nkwachilendo ndiko kuiwala kumene tidachokera. Amayi athu ankadzudzula mwamuna waulesi ndi apongozi ankhanza m'nyimbo za pamtondo, mudzi wonse nkumva popanda wozengedwa mlandu. Ife Alhomwe timavina tchopa, gule amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake mu 2014, ndipo nayenso amanena zokolola, chilala ndi miliri. Alakatuli a Writers Group, imene idayamba ku Chancellor College mu 1970, ankabisa choonadi m'zining'a. Mmodzi wa iwo, Jack Mapanje, adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Tsono pamene Tay Grin adatenga zifanizo za Gule Wamkulu nazilowetsa mu hip-hop, kapena pamene Fredokiss adaima pa chisankho cha aphungu ku Blantyre mu 2019 atakopa achinyamata a m'makwalala, adangoponda m'mapazi a akale. Fredokiss sadapambane chaka chimenecho, koma adatisonyeza kuti ana athu amamvera oyimba koposa m'mene amatimvera ife ogwira choko.

Nanga tichitenji, aphunzitsi anzanga? Mayi wanzeru sataya mphale chifukwa cha gaga. Amatenga lichero napeta. Pa phunziro la ndakatulo tibweretse nyimbo imene anawo akuikonda, tiifunse mafunso omwe aja timafunsa ndakatulo ya m'buku: mutu wake ngwotani, zifanifani zake zili pati, yamanga yani ndipo yapweteka yani. Mwana wozolowera kupeta motere sadzameza chilichonse chotuluka mu foni yake, ndipo akadzalemba yakeyake adzachita manyazi kutukwanamo mlongo wake. M'mera mpoyamba. Tikalanda kope, mwanayo saleka kulemba, amangoleka kutionetsa.

Kope lija tidagwirizana kulibweza, mwini wake atapepesa ndi kumaliza ntchito imene adaisiya, pakuti nthawi ya phunziro ndi ya phunziro. Lachisanu lotsatira adawerenga mizere yake pamaso pa kalasi, ndipo atsikana awiri a m'mudzi mwake adapempha kuti nawonso alembe zimene adaona usiku umenewo.

Sabata yamawa tidzafunsa kuti woyimba wa m'Malawi amadya chiyani.