Zulani fulashiyo, tsegulani wailesi

Munthu wogula galimoto masiku ano akangoona matayala ndi injini, funso lake lotsatira limakhala lakuti, "Kodi ili ndi Bluetooth?" Zoti wailesi yake ikugwira kapena ayi, safunsa. Uku n'kulakwitsa, ndipo si kulakwitsa kwakung'ono. Pa njira zitatu zodzazira khutu paulendo, wailesi ya satelaiti, nyimbo zodzisankhira wekha ndi wailesi wamba ya FM, yachitatuyi ndiyo tikuinyoza, chonsecho ndi yokhayo imene imatiuza za lero lino m'chinenero chathu.

Ya satelaiti abale athu okhala ku America amaitama akabwera kutchuthi. Kumeneko XM idayamba kuulutsa mawu mu 2001, Sirius mu 2002, ndipo mu 2008 ziwirizi zidaphatikizana kukhala SiriusXM. Ubwino wake ndi woona. Umalipira mwezi ndi mwezi, n'kuyendetsa kuchokera ku New York mpaka ku Los Angeles osasintha siteshoni, ndipo matchanelo ambiri a nyimbo alibe malonda. Koma chomwe ukugula ndi mawu amodzimodzi kulikonse, mawu osadziwa kuti galimoto yafika mudzi wanji. Mu 2004 Sirius idagwirizana ndi muulutsi Howard Stern za madola pafupifupi 500 miliyoni pa zaka 5. Ndalama yotere imabwerera pokhapokha pali anthu mamiliyoni olipira, omva chinenero chimodzi.

Kuno ku Africa zidayesedwa kale. Noah Samara, mbadwa ya ku Ethiopia, adakhazikitsa WorldSpace, ndipo mu 1998 satelaiti yake yotchedwa AfriStar idaponyedwa kumwamba kuti nkhani ndi maphunziro zifike kumene FM siifika. Cholinga chinali chabwino. Koma kawailesi kake kanali kodula, kankafuna kuona thambo popanda chotchinga, ndipo zambiri zimene kankalankhula zinali za m'zinenero zakunja. Mu 2008 kampaniyo idagwa ndi ngongole. Satelaiti imaona Africa yense ngati munda umodzi, siingaike mtima pa Mchinji.

Mdani weniweni wa wailesi ndi fulashi, memore khadi ndi foni. Ndikumvetsa chifukwa chake. Pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, wailesi imayamba kutsokomola m'mapiri a ku Dedza, umafunafuna siteshoni dzanja lina lili pachiwongolero, pamene fulashi imangoimba osatopa. Nyimbo zake ndi zomwe umazikonda. Palibe wokudula pakati pa Lucius Banda kuti akugulitse sopo.

Koma fulashi sidziwa kuti lero ndi tsiku lanji. Mlatho ukakokoloka kutsogolo, iyo ikupitiriza kolasi. M'mwezi wa March 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope pa Chilobwe ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, magetsi atazima, mafoni atatha moto, wailesi ya mabatire ndi ya m'galimoto zinali m'gulu la zinthu zochepa zotsala zikulankhula. Nanga Spotify ndi YouTube? Izo zimaphunzira zomwe unamvera dzulo n'kukupatsa zofanana nazo lero. Ndi kapolo womvera kwambiri, wosakuuza chilichonse chimene sunafunse, ndipo amadya bandulo yako.

Monga womasulira, chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha chinenero. Chichewa cha m'nyimbo n'chokoma, koma n'cha chikondi, maliro, mowa ndi mapemphero. Chichewa chokambira bajeti, mtengo wa feteleza, malamulo a dziko ndi kugwa kwa kwacha chimasulidwa pa wailesi, tsiku ndi tsiku, ndi anthu amene alibe nthawi yotsegula mtanthauziramawu. Kumbukirani mlandu wa chisankho cha May 2019, chija cha Tipp-Ex. Kwa miyezi, mafunso a maloya ndi mayankho a mboni ankaulutsidwa pompopompo ndi kumasuliridwa m'Chichewa. Pa 3 February 2020 majaji asanu adawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka kudada, ndipo m'maminibasi ndi m'matekisi anthu osadziwana ankatsutsana za malamulo ngati adapita ku Chancellor College. Ndani adaika fulashi tsiku limenelo?

Zimenezi sizidayambe dzulo. Pulogalamu ya Nkhani za M'maboma pa MBC Radio 1 idatenga madandaulo a anthu a kumudzi, a mabwana ankhanza ndi mafumu adyera, n'kuwasandutsa nkhani za dziko lonse, mpaka katswiri Harri Englund adalemba buku lathunthu za pulogalamuyi mu 2011. Zodiak itabwera mu 2005 idaonetsa kuti wailesi yoyima payokha ikhoza kufika m'maboma onse ikulankhula kwambiri Chichewa. Dzimwe ku Mangochi ndi Mudzi Wathu ku Mchinji zimanena za msika umene galimoto yanu ikudutsa. Ngakhale mpira wa Maule ndi Manoma umakoma minibasi yonse ikamakuwira limodzi chigoli.

Musandiuze zolakwa za wailesi, ndikuzidziwa. Pali aulutsi oyamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimalizira m'Chingerezi ngati chinenero chawathera m'kamwa. Pali malonda a mankhwala ochiza matenda onse pansi pano. Wailesi ya boma yakhala ikudzudzulidwa kuyambira kalekale kuti imapendekera ku chipani cholamula, kaya chipanicho ndi chiti. Komabe wailesi ungathe kukangana nayo. Umaimba foni, umatumiza uthenga, umasintha siteshoni n'kumva mbali ina. Fulashi ungaitsutse chiyani, poti ndi iwe wemwe ukudzilankhulira?

Pali chinthu china chaching'ono chimene chikupha wailesi m'galimoto mwakachetechete. Galimoto zathu zambiri, ma Vitz, ma Sienta ndi maminibasi, zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Wailesi zambiri za m'galimoto zimenezi zimayambira pa 76 n'kulekezera pa 90 MHz, pamene FM yathu imayambira pa 87.5 mpaka 108. Ndiye dalaivala akatsegula, amangopeza siteshoni imodzi kapena ziwiri, enawo ndi mphepo yokhayokha. Amaganiza kuti wailesi ndi yakufa, n'kubaya fulashi, basi nkhani yathera pomwepo. Oitanitsa galimoto amadziwa zimenezi, koma amakonda kudzitama ndi marimu kusiyana n'kukonza vutoli. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa band expander, komwe amisiri a zamagetsi a galimoto amalumikiza pakati pa eriyo ndi wailesi, ntchito ya mphindi zochepa. Manambala ooneka pagalasi amakhala osiyana ndi omwe muulutsi akutchula, koma mawu amatuluka bwinobwino.